Kumwerekera ndi intaneti: madokotala anavomereza chiyani kwenikweni?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipereke maganizo anga kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ili m'kamwa mwa anthu ambiri masiku ano, yokhudza anthu amene amalephera kusiya foni kapena kompyuta ngakhale akuona okha kuti moyo wawo ukusokonekera. Pamene nkhaniyi ikukambidwa, kawirikawiri pamatuluka magulu awiri. Gulu loyamba limati apa palibe matenda, koma ulesi ndi kusaleredwa bwino, ndipo mankhwala ake ndi kulanda foniyo basi. Gulu lachiwiri limati madokotala padziko lonse anagwirizana kale kuti kumwerekera ndi intaneti ndi matenda a maganizo, kotero mwana aliyense wogona mochedwa chifukwa cha foni ayenera kutengedwa ngati wodwala. Magulu onsewa akulakwitsa, koma lachiwirili likulakwitsa m'njira yoopsa kwambiri, chifukwa likunena za chigamulo chimene sichinaperekedwepo, ndipo likuchinena m'dzina la madokotala.

Ambiri sadziwa kuti dzina la matendawa linayamba ngati nthabwala. Mu 1995, dokotala wina wa matenda a maganizo wa ku New York, Ivan Goldberg, analemba mndandanda wa zizindikiro za matenda amene anangowapeka, pofuna kunyogodola mmene buku lalikulu la madokotala a ku America, lotchedwa DSM, limasandutsira khalidwe lililonse la munthu kukhala matenda. Zimene sanayembekezere n'zakuti anthu anayamba kumulembera, osaseka, akunena kuti zizindikirozo ndi zawo ndipo akufuna thandizo. Chaka chotsatira, mu 1996, katswiri wa zamaganizo Kimberly Young anafotokoza za kafukufuku wake pamsonkhano wa bungwe la American Psychological Association, ndipo iye ndiye anaika nkhaniyi patebulo la asayansi. Young anakonza mafunso 8 oyezera munthu, ndipo anati woyankha kuti inde pa mafunso 5 kapena kuposerapo ali ndi vuto. Mafunsowo sanawatenge kutali: anawasintha kuchokera ku mafunso amene madokotala ankagwiritsa ntchito kale poyeza anthu omwerekera ndi juga. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira, chifukwa mkangano wonse wa zaka pafupifupi 30 wakhala ukuzungulira pa funso limodzi lakuti kodi muyezo wa juga, kapena wa mowa, ungagwire ntchito pa chinthu chimene munthu amachigwiritsa ntchito pophunzira, pogwira ntchito, polandira ndalama ndi polankhula ndi abale ake.

Juga inalowa m'buku la DSM mu 1980, koma inali m'gulu la mavuto a kulephera kudziletsa. Mu 2013, pamene buku lachisanu linatuluka, madokotala anaisamutsa n'kuiika pamodzi ndi kumwerekera ndi mowa, fodya ndi mankhwala ozunguza bongo. Uku kunali kuvomereza chinthu chachikulu, chakuti munthu angathe kugwidwa ukapolo ndi khalidwe ngakhale palibe chimene wamwa, wasuta kapena kudzibaya nacho. Ambiri ankaganiza kuti khomo likatseguka chonchi, intaneti nayo ilowa. Sinalowe. Olemba bukulo anakana kuika kumwerekera ndi intaneti pamndandanda wa matenda, ndipo chimene anachita ndi kutenga mbali imodzi yokha, ya masewera a pa intaneti, n'kuiika kumapeto kwa buku, m'chigawo cha mavuto amene akufunika kufufuzidwa kaye asanavomerezedwe. Pamene bukulo linakonzedwanso mu 2022, nkhaniyi inatsala pomwepo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndilo linapita patsogolo pang'ono. Mu Juni 2018 linatulutsa mndandanda wake watsopano wa matenda, wotchedwa ICD-11, ndipo m'menemo munali vuto la kumwerekera ndi masewera a pakompyuta ndi pafoni. Mayiko anauvomereza mndandandawo pamsonkhano wawo wa mu Meyi 2019, ndipo unayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. Apanso tiyenera kuwerenga mosamala. Chimene chinavomerezedwa ndi masewera, osati intaneti yonse; si Facebook, si TikTok, si WhatsApp, ndiponso si kuonera mavidiyo usiku wonse. Ndipo ngakhale pa masewerawo, bungweli silinanene kuti wosewera maola ambiri ndi wodwala. Linati payenera kuoneka zinthu zitatu: munthuyo akulephera kudziletsa pa nthawi yoyambira, kutalika kwake ndi nthawi yolekera, masewerawo akhala patsogolo pa china chilichonse m'moyo wake, ndipo akupitiriza kapena kuwonjezera ngakhale akuona zoipa zimene zikutsatira. Kuwonjezera apo, khalidweli liyenera kukhala litawononga kwambiri maphunziro, ntchito, banja kapena ubale wake ndi anthu, ndipo nthawi zambiri liyenera kukhala litaoneka kwa miyezi 12. M'ndandanda wonsewu mulibe chiwerengero cha maola, ndipo ine ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nzeru.

Maola ndi muyezo wonyenga. Wophunzira amene akukonzekera mayeso, mlembi wa mu ofesi, wamalonda amene makasitomala ake amamupeza pafoni, ndi mayi amene ana ake ali kudziko lina, onsewa angathe kutha theka la tsiku akuyang'ana pagalasi la foni kapena kompyuta, koma akaitanidwa amadzuka, akatopa amagona, ndipo ntchito zawo zikuyenda. Pali wina amene maola ake angakhale ochepa kuposa awa, koma iye walonjeza kambirimbiri kuti asiya ndipo walephera, amanama akafunsidwa kuti wagona nthawi yanji, amapsa mtima kapena kusowa mtendere foni ikakhala kutali, wachotsedwa ntchito kapena wasiya sukulu, ndipo akudziwa bwino chimene chamugwetsa koma m'mawa mwake amabwerera pomwepo. Munthu wachiwiriyu alipo, si wongopeka, ndipo amene amati vuto lake ndi ulesi sanakhalepo naye pansi. Waulesi amasangalala ndi ulesi wake, pamene uyu nthawi zambiri chisangalalo chinatha kale, ndipo chatsala ndi chibaba chimene chimamukoka ngakhale iye akudana nacho.

Nanga n'chifukwa chiyani madokotala akuzengereza kuvomereza intaneti yonse, ngati anthu otere alipodi? Chifukwa chimodzi n'chakuti umboni wochuluka ndiponso wolongosoka umene unalipo unali wa masewera. Chifukwa china, chimene ine ndimachiona kukhala champhamvu kwambiri, n'chakuti intaneti ndi chotengera chabe. Chidakwa sichimwerekera ndi botolo koma ndi zimene zili m'botolomo. Wotchova juga pafoni vuto lake ndi juga, ndipo ICD-11 imamuika m'gulu la juga, n'kungowonjezera kuti amatchovera pa intaneti. Wolephera kusiya zithunzi zolaula vuto lake lili ndi malo ake, wogula katundu mosadziletsa ali ndi vuto lina, ndipo wofunafuna kuyamikiridwa pa masamba a mchezo ali ndi linanso. Katswiri wa ku Britain, Mark Griffiths, wakhala akutsindika kwa zaka zambiri kusiyana kwa munthu amene wamwerekera ndi chinthu china kudzera pa intaneti ndi amene wamwerekera ndi intaneti yeniyeniyo. Kuwaunjika onsewa pansi pa dzina limodzi kungachititse kuti dokotala apereke thandizo lofanana kwa anthu amene akudwala mosiyana.

Palinso funso lovuta lakuti chimayamba n'chiyani. Anthu ambiri amene amapezeka ndi vutoli amapezekanso ndi matenda a nkhawa, kuvutika maganizo, kuopa kukhala pagulu, kapena vuto la kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Mnyamata amene amanyozedwa kusukulu angapeze m'masewera malo okhawo amene amalemekezedwa, ndipo mtsikana amene kunyumba kwawo kuli ndewu tsiku lililonse angapeze pafoni pothawira. Mukawalanda foni anthu amenewa osafunsa chimene akuthawa, mwachotsa pobisalira koma mwasiya chowathamangitsa. Komabe sindikugwirizana ndi amene amati chifukwa cha ichi vutoli ndi chizindikiro chabe cha matenda ena. Zidakwa zambiri nazonso zinayamba kumwa pothawa mavuto, koma palibe dokotala amene amati uchidakwa si matenda chifukwa unayamba ndi chisoni. Chimene chinayamba ngati pothawira chikhoza kuzika mizu n'kukhala vuto loima palokha, ndipo zikatero zonse ziwiri zimafunika kuchizidwa.

Otsutsa chigamulo cha WHO sanali anthu wamba. Mu 2016, chigamulocho chisanaperekedwe, akatswiri oposa 20 ochokera m'mayiko osiyanasiyana analemba kalata yochenjeza kuti umboni unali usanakwane, kuti ofufuza sankagwirizana ngakhale pa njira yoyezera, ndiponso kuti dzina latsopanoli lidzachititsa mantha makolo n'kusandutsa ana athanzi kukhala odwala. Kafukufuku wina amene anatsogoleredwa ndi Andrew Przybylski wa ku yunivesite ya Oxford, wofalitsidwa mu 2017, anafunsa anthu pafupifupi 19,000 ku America, Britain, Canada ndi Germany, ndipo anapeza kuti amene akanakwanira pa muyezo wa DSM wa kumwerekera ndi masewera sankapitirira munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. Chiwerengero chimenechi chiyenera kuziziritsa mitima ya amene amaona mliri paliponse. Koma chiyeneranso kudzutsa amene amati palibe kanthu, chifukwa munthu mmodzi pa 100, m'dziko limene osewera ndi mamiliyoni osawerengeka, ndi khamu la anthu ovutika amene aliyense wa iwo ali ndi makolo, mkazi, mwamuna kapena ana.

Mantha a otsutsawo sanali opanda maziko, ndipo amene akufuna umboni ayang'ane zimene zinachitika ku China. Kumeneko, m'zaka za m'ma 2000, makolo ambiri atauzidwa kuti ana awo akudwala, anayamba kuwatumiza kumisasa yoti iwachize, yambiri mwa iyo yoyendetsedwa ngati ya asilikali. Mumzinda wa Linyi, dokotala wina dzina lake Yang Yongxin anatchuka chifukwa chogwiritsa ntchito magetsi pamutu pa achinyamata, mpaka unduna wa zaumoyo wa dzikolo unaletsa mchitidwewu mu Julayi 2009. Patangopita milungu yochepa, mu Ogasiti chaka chomwecho, mnyamata wina wa zaka 15 anamwalira atamenyedwa pamsasa wina m'chigawo cha Guangxi, asanathe ngakhale tsiku limodzi chifikireni. Makolo ake sanamutumize kumeneko chifukwa chomuda. Anamutumiza chifukwa chomukonda, atakhulupirira kuti mwana wawo ndi wodwala ndipo kumeneko kuli ochiritsa. Dzina la matenda likafalikira mofulumira kuposa chidziwitso cha kachizidwe kake, pamabwera anthu odyerapo, ndipo amene amalipira ndi ana.

Maboma nawo ayesa njira ya lamulo, ndipo zotsatira zake n'zosakanikirana. South Korea mu 2011 inakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kusewera pa intaneti kuyambira pakati pa usiku mpaka 6 koloko m'mawa, koma mu 2021 boma linaganiza zolichotsa, popeza ana ankalowa pogwiritsa ntchito mayina a makolo awo, ndipo masewera ambiri anali atasamukira pafoni, kumene lamulolo silinkafika. China mu 2021 inalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera ola limodzi lokha, kuyambira 8 mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Australia mu Novembala 2024 inavomereza lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba a mchezo. Malamulo ameneŵa onse amayang'ana msinkhu ndi maola, ndipo sasiyanitsa mwana amene ali pamavuto ndi amene akungosangalala.

Mbali imene imandivutitsa kwambiri, a Mkonzi, ndi yakuti tikangonena kuti ndi matenda, maso onse amatembenukira kwa wodwalayo, ngati kuti vuto lonse lili m'mutu mwake, pamene pali makampani amene amapeza phindu pa mphindi iliyonse imene munthu wakhala pafoni. Kale kwambiri katswiri wa zamaganizo B. F. Skinner anaonetsa kuti nyama imalimbikira kwambiri kubwereza chinthu pamene mphoto ikubwera mosadziwika nthawi yake, kusiyana ndi pamene ikubwera nthawi zonse. Makina a juga amagwira ntchito motero, ndipo foni nayo imatero: ukaitsegula sudziwa ngati upeza uthenga wosangalatsa kapena ayi, ndipo kusadziwako ndi kumene kumakubweza. Tsamba losatha, limene umangolikankha ndi chala osafika kumapeto, linachotsa malo amene munthu akanaima n'kudzifunsa ngati apitirize, ndipo Aza Raskin, amene amadziwika kuti analiyambitsa mu 2006, ananena poyera pambuyo pake kuti amanong'oneza bondo. Vidiyo imene imayamba yokha ina ikangotha, mabelu amene amalira usana ndi usiku, ndi mabokosi a m'masewera amene munthu amagula osadziwa zimene zili m'kati, zonsezi anazikonza ndi anthu odziwa bwino ntchito yawo. Belgium mu 2018 inagamula kuti mabokosi oterowo ndi juga. Mu 2017 Sean Parker, pulezidenti woyamba wa Facebook, anavomereza kuti oyambitsa tsambalo ankadziwa kuti akupezerapo mwayi pa kufooka kwa maganizo a munthu. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito kukampaniyo, anatulutsa zikalata zosonyeza kuti kampaniyo inali ndi kafukufuku wake wokhudza mmene Instagram imavutitsira atsikana ena, ndipo mu Okutobala 2023 zigawo zambiri za dziko la America zinasumira kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi Instagram, kuinena kuti inakonza dala zinthu zokola ana. Kampaniyo imakana mlanduwo. Koma n'zosamveka kuuza mwana wa zaka 14 kuti vuto lake ndi kusadziletsa, pamene mbali inayo kuli akatswiri ambirimbiri amene amalipidwa kuti iye asadziletse.

Ngakhale ndanena zonsezi, ndili kumbali ya amene amati WHO inachita bwino. Vuto lopanda dzina silikhala ndi chipatala, siliphunzitsidwa kwa anamwino ndi madokotala, silipatsidwa ndalama za kafukufuku, ndipo ofufuza amapitiriza kuyeza aliyense ndi muyezo wake kotero kuti zopeza zawo sizingayerekezeredwe. Ku Britain, mu 2019, chipatala cha boma chothandiza omwerekera ndi masewera chinatsegulidwa ku London, ndipo chimalandira odwala pamodzi ndi mabanja awo. Dzina limathandizanso m'nyumba, pakuti bambo amene ankaona mwana wake ngati wamwano amayamba kumuona ngati wofunika thandizo, ndipo wovutikayo amapeza mawu ofotokozera zimene zikumuchitikira m'malo mongodziona ngati wolephera. Chimene chinapangitsa chigamulocho kukhala chabwino ndi kuchepa kwake komweko: chinaika mpanda pamalo amene umboni unalipo, n'kusiya kwina konse kuti kafukufuku apitirire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani ya masamba a mchezo kudekha kumeneko kukufunikabe, ngakhale ndikukhulupirira kuti tsiku lina mbali imeneyonso idzapatsidwa malo ake.

Pa kachizidwe, njira imene yayesedwa kwambiri ndi uphungu wothandiza munthu kuzindikira maganizo ndi zochitika zimene zimamukankhira pafoni, n'kuphunzira kuchita mosiyana zikafika. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi mowa. Chidakwa chingauzidwe kuti chisadzalawenso, koma munthu wa masiku ano sangauzidwe kuti asadzagwirenso intaneti, popeza ntchito, maphunziro ndi ndalama zake zimadutsa momwemo. Cholinga chimakhala kusiya chinthu chenicheni chimene chamukola, kaya ndi masewera ena ake kapena tsamba lina lake, n'kubwezeretsa tulo, ntchito ndi anthu m'moyo wake, komanso kuchiza nkhawa kapena kuvutika maganizo ngati zilipo. Ntchito imeneyi imatenga nthawi, munthu amagwa n'kudzukanso, ndipo imayenda bwino pamene a m'banja akutengapo mbali, kuphatikizapo kuyang'ana mmene iwo eni amagwiritsira ntchito mafoni awo, pakuti n'kovuta kuti mwana amvere malangizo ochokera kwa kholo limene likumulangiza maso ali pafoni.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi kwa atolankhani anu, ndi lakuti mukamalemba nkhaniyi muzitchula chimene chinavomerezedwa ndi chimene sichinavomerezedwe, ndipo mukalandira chiwerengero chonena kuti achinyamata ochuluka chonchi ndi omwerekera, muzifunsa kaye kuti anawayeza ndi mafunso ati, chifukwa ofufuza awiri angathe kuyeza gulu limodzi n'kupeza ziwerengero zotalikirana kwambiri malinga ndi pamene aika malire. Muzifunsanso aliyense wodzitcha wochiza vutoli kuti anaphunzira kuti, amagwiritsa ntchito njira yanji, ndipo makolo amaloledwa kuona mwana wawo nthawi ina iliyonse kapena ayi.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu nthawi zonse